Giya Yomaliza ya Ngolo ya a Idi

Njinga yamoto ya amuna anga ili ndi matayala atatu ndi bokosi lachitsulo kumbuyo, ndiye anthu kwathu amangoitcha ngolo. Ili ndi magiya asanu, koma ine chiphunzirire kuyendetsa ndinkangodziwa anayi. Yomalizayo, ya faifi, ndinkaiopa, ndipo sindinkabisa.

A Idi, amuna angawo, popita ku Joni anandisiyira ngoloyo kuti ndizipezerapo ya sopo. Ndimanyamula nkhuni, simenti, matumba a mpunga, nthawi zina madengu a utaka kuchokera kunyanja kukatula kumsewu. Amuna a m'mudzi mwathu anaseka mpaka kutopa, kenako anayamba kundiimbira foni kuti Habiba tabwera udzanditengere malata. Pondiphunzitsa, a Idi anandiuza kuti ngolo si njinga ya kabaza. Ya kabaza ukafika pokhota umapendekeka nayo, imakumvera. Ngolo siipendekeka. Ukaikhotetsa uli pa liwiro imangokweza tayala limodzi lakumbuyo ngati galu pamtengo, kenako iwe pansi, iyo pamwamba pako. Ndinaziona ndi maso anga kwa Jailosi wa ku Maganga, yemwe anachoka pa kabaza n'kukwera ngolo ya abwana ake akudzimva ukatswiri. Mpaka lero phewa lake lina n'lotsika.

"Faifi ndi ya pa tala, ndipo umaika injini ikapempha yokha," anatero a Idi. Ine ndinayankha kuti ikadzapempha ndidzaimana.

Bambo anga anamwalira Lachisanu m'mawa kuchipatala ku Salima. Mayi ndi amene ankawadikirira. Ine ndinawaona komaliza masiku angapo m'mbuyomo, ali ndi machubu m'mphuno, nkhope itakwinyika ndi ululu, osandizindikira n'komwe. Nkhope imeneyo inandikhala m'maso. Nditamva uthenga, chimene mtima wanga unafuna chinali kuwaonanso kamodzi, atasambitsidwa, ululu utawachoka, asanawatseke mu sanda, nsalu yoyera ya maliro.

Ndinafika pakhomo pa mayi thupi lisanafike. Amalume anga, a Ayub, anandikodola n'kundiitanira kuseri kwa nyumba.

"Habiba, m'ngolo yako muli mafuta?"

"Alimo pang'ono, amalume. Bwanji?"

"Ukatenge Haruna kudoko. Tamupeza pa foni, wakwera boti kuchokera ku Mbenji."

Haruna ndi mlongo wanga wamng'ono, mwana wamwamuna yekhayo wa bambo, ndipo nthawi imeneyo anali kuchilumba kopha nsomba. Sabata imeneyo mafuta anali atasowa Salima yense. Akabaza onse anali atafola pomwetsera mafuta kudikira thanki yomwe palibe ankadziwa tsiku lake. M'mudzi monse chinthu chokhala ndi petulo m'mimba chinali ngolo yanga, ndipo amuna odziwa kuyendetsa anali kumanda, makasu m'manja.

"Amalume, ine ndikufuna ndiwaone bambo."

"Ukachita changu uwapeza asanatsekedwe. Koma mvera. Alamu anga anatiuza ali moyo, pamaso pa mayi ako, kuti wowagoneka m'manda akhale Haruna. Tiika ikangotha swala ya Juma kumzikiti masanawa. Ashehe sangasunge anthu padzuwa chifukwa cha munthu mmodzi, ndipo maliro sagona. Mnyamatayo akapanda kufika, alowa wina."

Ndinafuna kufunsa kuti nanga ine bambo ananena chiyani za ine, koma si funso lofunsa pamaliro. Azakhali anandipatsa mkanjo woyera wa bambo m'jumbo kuti Haruna adzavale, poti msodzi sabwera kunyanja ndi chovala choti n'kuimira nacho pamaso pa anthu. Ndinatsegula thanki n'kugwedeza ngolo. Mafuta anayankha chapansipansi. Ndinathiramo otsala a m'botolo lomwe ndinkabisa kuseri kwa ufa, n'kunyamuka.

Ulendo wake ndi wokhota ngati chikwakwa. Kuchoka kwathu umakwera msewu wafumbi mpaka pa tala, n'kutsata tala kulowera ku Khombedza, kenako n'kutsikanso msewu wina wafumbi, woipitsitsa, kukafika kudoko komwe maboti a ku Mbenji amakocheza. Popita ndinayenda monga mwa masiku onse, giya folo, injini ikulira, ine ndikulira nayo. Sindinaganize n'komwe kuti folo amamwa mafuta kuposa faifi. Maganizo anga onse anali pa nkhope ya bambo.

Kudoko ndinapeza mwera ukuomba, nyanja yachita thovu, boti kulibe. Ndinafunsa azimayi oyanika nsomba pamathandala, akuti lichedwa, mafundewa si ocheza nawo. Ndinaima pamchenga ndikuyang'ana chilumba chomwe akazife sitiloledwa kupondako, ndipo ndinachida ndi mtima wanga wonse. Dzuwa linkangokwera. Kadontho kalikonse kakuda pamadzi ndinkati ndi botilo, kenako n'kukhala bwato la munthu wosadziwa n'komwe kuti kwathu kwagwa zovuta.

Foni inalira. Anali mayi, mawu atasasa.

"Habiba, uli kuti? Bambo ako afika kalekale. Awasambitsa. Akuitana akazi kuti tiwaone, kenako atseke."

"Mayi, boti silinafike."

"Ndawapempha adikire pang'ono. Ukanyamuka panopa mwina uwapeza. Mwana wanga, agona bwino, ngati sanadwale."

Ndinayang'ana ngolo, ndinayang'ana nyanja. Kutali, pakati pa mafunde, panaoneka mutu wa boti ukutuluka n'kumira, kutuluka n'kumira. Mafuta oti ndipite kwathu n'kubweranso kudzatenga Haruna panalibe. Ndikananyamuka pamenepo, iye akanatsika n'kupeza mchenga wokhawokha.

"Auzeni atseke, mayi," ndinatero. "Ine ndibwera ndi Haruna."

Nditadula foni ndinakhala pansi pamchenga wotenthawo. Mayi wina anandibweretsera madzi m'kapu osandifunsa kanthu. Ndinamwa, ndipo mumtima ndinalumbira kuti popeza bambo ndawataya kawiri tsiku limodzi, mnyamata ameneyu akafika kumanda ngakhale ndichite kumubereka kumsana.

Boti lisanakhudze n'komwe mchenga Haruna analumphira m'madzi ofika m'chiuno. Anali atada, atawonda, kabudula wong'ambika, fungo la nsomba lokhalokha.

"Achemwali," anatero, n'kutsatiza mawu omwe timanena pakagwa imfa: "Inna lillahi wa inna ilayhi rajiun."

"Kulira ukalira uko. Chita udhu msanga, uvale ichi, tizipita."

Anachita udhu, kusamba kokonzekera mapemphero, pomwepo m'mphepete mwa nyanja, kuvala mkanjo wa bambo womwe unamufika m'mapazi, n'kukwera m'bokosi. Ndinamuuza akhale pakatikati, agwire zitsulo ndi manja onse awiri. Ngolo yopanda katundu ndi yoopsa kuposa yodzaza, imadumpha ngati mbuzi yaing'ono, ndipo Haruna kulemera kwake n'chimodzimodzi thumba la makala.

Msewu wochokera kudoko umayamba ndi mchenga. Pamchenga palibe zothamanga, ndi giya thu basi, ndipo moto suuchepetsa ngakhale pang'ono, ukatero watitimira. Injini inkabangula ngati tikuuluka, chikhalirecho mwana woyendetsa ng'ombe akanatha kutipitirira. Titatuluka mumchenga ndinaika fili, kenako folo pamene nthaka inalimba. Maenje anali paliponse. Bokosi linkagunda kumbuyo kwanga, gu, gu, gu, ndipo pakati pa kugundako ndinkamva mlongo wanga.

"Achemwali, ndi liwiro lake limeneli?"

Ndinazemba dzenje lina.

"Achemwali, magiya atha? A Idi ankathamanga kuposa apa."

"A Idi ali ku Joni. Khala chete."

"Mukumva mmene ikulirira injiniyo? Ikumwa mafuta pachabe. Ine injini ndimazidziwa. Ikani yomaliza!"

Injini zomwe Haruna amazidziwa ndi za maboti, zopanda giya, zoyenda pamsewu wopanda dzenje. Koma mawu akuti mafuta anandilowa ngati minga. Ndinakumbukira kulira kwa thanki m'mawa uja. Ndinayamba kuwerengera mumtima mtunda wotsala, ndipo kuwerengerako sikunkatuluka bwino. Thukuta linanditsikira m'maso. Ndinaona patsogolo kachigawo ka msewu kosalala, kolimba, kokwera pang'ono chabe kulowera kumunda wa chinangwa.

"Ikani, achemwali! Atikwirira bambo tili m'njira!"

Ndinagwira kilatchi n'kuponda. Giya inalowa, kho.

Ngolo inanjenjemera yonse. Injini inasiya kulira n'kuyamba kutsokomola, khu, khu, khu, ngati nkhalamba ya chifuwa. Liwiro tinalibe, ndiponso tinali pachitunda, ndiye faifi inalibe chokoka. M'malo mobwezera giya msanga, ine ndi mantha ndinangopotokola moto wonse. Inagwedezeka kawiri, n'kuzima. Kunangoti zii, mphepo yokha m'masamba a chinangwa.

Ndinadina sitata. Inangoti tche, tche, tche. Batire la ngoloyo linali lofooka kuyambira kale, ndipo ndinkangonena kuti ndigula mawa. Ndinatsika n'kuponda kiki. Palibe. Ndinapondanso mpaka chitenje chinamasuka. Fungo la petulo linatuluka, petulo yemwe tinalibe woti n'kutaya.

Pamenepo ndinapsa mtima, ndipo sindinasankhe mawu.

"Wamva? Ndi yomaliza yako imeneyo! Iwe ukudziwa chimene ndasiya kunyumba kuti ndidzakutenge? Bambo awatseka ine ndili pamchenga kudikira iwe! Iwe ukawaona, ukawagwira ndi manja ako, ine ayi! Ndiye ukundiphunzitsa kuyendetsa? Tsika ukankhe!"

Haruna anandiyang'ana kukamwa kuli yasa. Sankadziwa. Anatsika, kukwinya mkanjo m'chiuno, n'kuyamba kukankha. Tinaitembenuza kuti iyang'ane kotsetsereka, kubwerera komwe tinachokera, chinthu chopweteka mtima kwa munthu wothamangira kutsogolo. Anakankha, ine n'kuika thu, kusiya kilatchi. Inakana. Anakankhanso, mapazi akuterereka pafumbi. Chapatali, kumudzi wina wa m'mbali mwa msewu, azana yoitanira anthu kumzikiti inayamba. Kwathunso nthawi imeneyo anthu anali akulowa mumzikiti, jeneza, chithatha chonyamulira maliro, ili panja kudikira.

"Bismillah," ndinamva Haruna akunena kumbuyo, ndipo anakankha ngati akufuna kugwetsa nyumba. Ngolo inatsokomola, kutulutsa utsi wakuda, n'kudzuka.

Kuchokera pamenepo mpaka pa tala sitinalankhulane. Ndinakwera chitunda chija ndi fili, mmene ndikanachitira poyamba ndikanakhala ndi nzeru. Tisanafike ku Khombedza injini inayamba kudukiza, ndipo ndinaweramira pansi n'kutembenuza kampopi ka mafuta kupita ku rizevu. Amenewo ndi mafuta a pansi pa thanki, otsiriza. Akatha amenewo ndiye kuti kwatha.

Pa Khombedza panali podzaza monga mwa nthawi zonse. Minibasi zitaima pakati pa msewu ngati ndi pakhonde pawo, oitanira akukokerana thumba la mayi wina, ogulitsa chimanga chootcha, mbuzi, njinga zakapalasa zonyamula makala. Ndinaliza hutala mpaka chala kuwawa. Mnyamata wina anakuwa kuti, "Amayi a ngolo, lero mwanyamula shehe!" anzake n'kuseka. Tsiku lina ndikanamuyankha zoti akafotokozere agogo ake. Tsiku limenelo ndinangomeza.

Titadutsa mahampu otsiriza msewu unatseguka, wowongoka, wakuda, ukuchita nthunzi ndi kutentha. Thu, fili, folo. Ndinapotokola moto ndipo ngolo inathamanga mpaka pomwe folo amathera. Injini inakwera mawu, kukwera, kukwera, mpaka kulira kopyapyala kolowa m'mano. Mahandulo ankanjenjemera m'manja mwanga. Sipanafunike a Idi kuti andiuze kuti uku ndiye kupempha kuja. Ndinkadziwanso kuti ndikapitiriza chonchi mafuta atithera kutali ndi kwathu, pakati pa minda ya anthu osatidziwa.

Koma phazi langa linakana. Linangouma pachitsulo. Ndinkaona Jailosi ali chagada m'ngalande, ngolo itamugonera. Ndinkaona mayi akuuzidwa kuti maliro awonjezeka, ana awo awiri ali pamsewu. Ndinkamva kutsokomola kuja kwa pachitunda, ndipo ndinkati ikazimanso pano ndani atikankhe kachiwiri.

Foni inalira m'thumba. Ndinaitulutsa ndi dzanja limodzi n'kuiponyera kumbuyo osacheuka. Ndinamva Haruna akuti, "Ee, amalume. Tadutsa Khombedza. Ee. Ee."

"Akuti chiyani?" ndinakuwa.

"Aswalira. Jeneza yanyamuka."

Anthu a kumtunda akanyamula maliro amayenda pang'onopang'ono ndi nyimbo. Ife ayi. Amuna athu amanyamula jeneza mothamanga, kulandirana paphewa ndi paphewa, ndipo kuchoka pamzikiti kukafika kumanda si patali. Ndinadikira kuti Haruna ayambenso kukuwa za giya. Ndinkafuna akuwe, kuti ndipeze womukwiyira. Sanakuwe. Ndinayang'ana pagalasi ndipo ndinamuona atakhala pakati pa bokosi monga ndinamuuzira, manja onse pazitsulo, nkhope itanyowa, milomo ikuyenda yokha. Anali atagonja. Anali atavomereza kuti bambo ake awagoneka munthu wina.

Ndinachepetsa moto, kugwira kilatchi, n'kuponda.

Ndinayembekeza kutsokomola, koma sikunabwere. Kulira kuja kunangotsika, injini n'kuyamba kung'ung'udza chapansipansi, mofatsa, ngati munthu amene wamasulidwa lamba wothina. Mahandulo anasiya kunjenjemera. Ndipo mitengo ya m'mbali mwa msewu inayamba kudutsa mwa mtundu wina. Mpango wanga unakokedwa kumbuyo, mphepo inandiumitsa misozi m'masaya. Chimene chinandiopsa kwambiri chinali kufatsa kwakeko. Ngolo inkathamanga kuposa mmene ndinaionerapo, koma osadandaula, ngati ikundiuza kuti ikhoza kuwonjezera. Ndinagwira mahandulo mpaka zala kuchita dzanzi, ndikupemphera, ndikunena dua iliyonse yomwe ndinkaikumbukira, zina mosakaniza.

Tinapitirira njinga zakapalasa, tinapitirira ngolo ya ng'ombe, tinapitiriranso minibasi yomwe inkayenda mopulumutsa mafuta. Kondakitala anatulutsa mutu pawindo kutiyang'ana.

Tisanafike pokhotera kwathu pali kamlatho, ndipo msewu umapinda pang'ono kumanzere usanakwere pamlathopo. Pa folo malo amenewo sindinkawawerengera n'komwe ngati pokhota. Ndinawaona mochedwa. Nthawi yomweyo kutsogolo kunatulukira lole yonyamula mchenga, itadya mbali ya msewu wathu pothawa dzenje. Ndinakhotetsa. Ndinamva ngolo ikupepuka mbali imodzi, tayala lakumanzere litasiya tala, dziko lonse likupendekeka. Pakamwa panga panatuluka dzina la mayi.

Kumbuyo kunamveka chiphokoso, phi! Haruna anali atadziponya thupi lonse kumbali yomwe inakwerayo, mpaka theka la thupi kulendewera kunja kwa bokosi, monga amachitira asodzi funde likafuna kugubuduza boti. Tayala linabwerera pansi n'kudumpha kawiri. Lole inadutsa ndi mphepo yake ndi hutala wake. Tinawoloka mlatho tili amoyo.

"Musachepetse, achemwali," anatero. "Ine ndikhala ndikuigwira."

Sindinachepetse mpaka pachikwangwani cha kwathu. Pamenepo ndinatsitsa magiya mmodzimmodzi, folo, fili, n'kukhotera pafumbi. Tinangoyenda pang'ono, injini inadukiza. Inagwiranso. Inadukizanso.

"Igwedeze!" ndinakuwa. "Dumpha m'bokosimo!"

Haruna anayamba kudumphadumpha ndi kugwedeza bokosi kuti timadontho totsala m'makona a thanki titsikire kumpopi. Anthu oima m'makomo anaona mkazi wopanda mpango kumutu akuyendetsa ngolo, kumbuyo mwamuna wa mkanjo akuvina, tsiku la maliro a bambo awo. Anene zomwe anganene. Tinadutsa pamzikiti, panali nsapato ziwiri zokha zoiwalika pakhomo. Tinadutsa njira yolowera kwa mayi, ndipo ndinamva akazi akulira m'nyumba, koma sindinacheuke.

Njira ya kumanda imapatuka pamtengo wa mlambe, n'kudutsa m'munda wa chinangwa kukalowa m'kankhalango. Pamlambepo ndi pomwe akazi timalekezera. Palibe chikwangwani, palibe amene amakuletsa ndi mawu, timangodziwa. Ngolo inafika pamenepo ikutsetsereka yokha, injini itazima kale. Ndinaponda buleki.

"Thamanga," ndinatero.

Analumpha, kugwa ndi mawondo, kudzuka, n'kuthamanga opanda nsapato. Ndinaimirira pachopondera kuti ndione bwino. Pakati pa mitengo ndinkaona misana ya amuna ndi zisoti zawo, ataunjikana malo amodzi. Sindinkatha kuona ngati ayamba kale kuthira dothi. Makasu sindinkawamva, koma mwina inali mphepo yomwe inkandibisira. Ndinati Allah, ngati afika mochedwa, ine ndidzamuyang'ana bwanji mwanayu, ndipo ndidzadziyang'ana bwanji ndekha.

Munthu wina kumapeto kwa gululo anacheuka n'kukweza dzanja. Misana ija inagawikana. Ndinaona mwamuna wina akutuluka m'dzenje, anzake akumukoka dzanja, ndipo ndinazindikira kuti anali amalume, atalowa kale kuti agwire ntchitoyo okha. Haruna anafika, anaima kamphindi, kenako mutu wake unatsika pakati pa anthu mpaka sunaonekenso. Amuna anatambasula nsalu pamwamba pa manda.

Ndinakhala pansi pampando wa ngolo. Ndinafuna kumasula manja pamahandulo koma zala zinakana, ndinachita kuzitsegula chimodzichimodzi. Injini inkangoti tcha, tcha, ikuzizira. Ndinasangalala, zoona ndinasangalala. Koma chisangalalocho chinali ndi dzenje pakati. Ndinamva mawu a ashehe akukwera ndi kutsika, kenako makasu. Ndinakhala pomwepo, padzuwa, mtunda woti munthu akhoza kuponya mwala, ndikumvetsera bambo anga akukwiriridwa.

Amuna anayamba kubwerera m'magulumagulu. Ena ankandiyang'ana n'kuweramitsa mutu, ena ankangodutsa. Amalume anaima n'kundigwira paphewa. Haruna anabwera pomalizira, dothi lofiira m'mawondo ndi m'zikhadabo. Anakhala pansi pafumbi, kutsamira tayala lakutsogolo, pafupi ndi phazi langa.

Ndinadikira anthu onse atapita.

"Wawagoneka?"

"Ndawagoneka. Chakumanja, kuyang'ana ku kibula, ku Maka. Ndamasula zingwe za sanda ndekha."

"Nkhope waiona?"

"Pang'ono. Ashehe anati ndisunthe nsalu kuti tsaya likhudze dothi. Ndaona tsaya ndi diso limodzi, ndi ndevu."

"Tandiuza."

"Ndikuuzeni chiyani, achemwali?"

"Zonse. Pachipumi panali makwinya aja? Pakamwa anatseka? Usandinamize, ndipo usafulumire."

Haruna anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja, dothi n'kumupaka kumaso. Anayamba kufotokoza pang'onopang'ono, akusakasaka mawu, poti si munthu wodziwa kufotokoza zinthu. Anati makwinya kunalibe. Anati diso linali lotseka bwinobwino, ngati mmene ankagonera masana pakhonde wailesi ikulira. Anati ndevu anazipesa, ndipo zinkanunkhira mafuta abwino. Atafika pamenepo anaima, nati ndi zokhazo zomwe anaona.

Ndinatseka maso anga.

"Yambiranso," ndinatero.